Tiyi wa madzulo m'mbali mwa nyanja ku Chintheche

Lero tili ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Nthawi ikuthamangira 4 koloko, dzuwa lapendekera kumapiri, asodzi akusoka maukonde kudikira usiku. Kuseri kwa nyumba ketulo ili pamoto, chifukwa mayi wapakhomo waitana anzake a Umanyano, amayi a mpingo wa CCAP, kuti adzamwe tiyi.

Mwambo womwa tiyi madzulo unayambira ku England cha m'ma 1840, pakati pa anthu olemera. Kuno unafika ndi amishoni a ku Scotland. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe, pafupi ndi pomwe tili pano, ndipo likulu linakhala pamenepa mpaka 1894. Atonga a kuno anaikonda msanga sukulu ya amishoniwo. Ambiri ataphunzira anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena m'migodi, ena m'makhitchini a azungu. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo. Obwerako ankabwera ndi masuti, makapu adothi, tipoti ndi nsalu yoyala patebulo. M'nyumba zina makapu amenewo akadali m'kabati, amatuluka pokhapokha kukabwera mlendo wolemekezeka.

Masamba a tiyiwo sachokera kutali. Tiyi wamalonda anayamba ku Mulanje mu 1891, koma boma lino nalo lili ndi minda yake ku Kawalazi ndi ku Chombe, kumene mvula imagwa yambiri. Shuga amakwera ndi msewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa.

Koma chimene chimandikoka mtima ndi zomwera tiyi, pakuti m'menemo ndi momwe muli dzanja la mwini khomo. Kuno ndi kwawo kwa chinangwa. Chowawa chija amachiviika m'madzi masiku angapo kuti chikhale ufa wa kondowole, pomwe chozizira amangochisenda, kuchiphika ndi kamchere, n'kuchiika m'mbale chikadali nthunzi tolotolo. Pambali pake pamabwera zitumbuwa. Nthochi zakupsa kwambiri amazisinja mumtondo pamodzi ndi ufa wa mgaiwa, n'kumaponya timibulu m'mafuta otentha mpaka tifiire. Wina amaphika chigumu mumpoto, makala pansi, makala pachivundikiro, ndipo amadziwa kuti chapsa pongomva fungo. Amene sakonda tiyi amamupatsa thobwa wozizira, wofulula dzulo lake ndi chimera.

Alendo akafika amayamba ndi malonje, kufunsana za ana ndi za odwala. Kenaka madzi osamba m'manja amazungulira, kuyambira kwa wamkulu, wina napemphera. Mlendo sadzithirira yekha tiyi, ndipo kapu ikatha safunsidwa ngati akufuna ina, amangoonjezeredwa. Pamphasa pomwepo ndi pamene amapangana za kukaona wamasiye, za chopereka cha maliro, ngakhale za yunifolomu ya chilimika cha pa Chaka Chatsopano.

Zinthu zasintha ndithu. Matenda a chisaka anapululutsa nthochi zambiri m'boma lino, moti chitumbuwa chimene kale chinali cha mwana aliyense lero n'chofuna ndalama. Shuga ndi mafuta ophikira zakwera mtengo. Ena akuona kuti n'kwapafupi kugula mabisiketi ndi zakumwa za m'botolo pagolosale, ndipo sindikuwadzudzula, koma mtsikana amene sanaonepo amayi ake akusinja nthochi sadzadziwa kuphika chitumbuwa.

Choncho inu amayi a ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya, mukamakonzera alendo sabata ino, muitaneni mwana akhale nanu pamoto, mum'patse mthiko agwire yekha.