Nkhokwe ya Magetsi

Mlimi akakolola cimanga amacisunga m'nkhokwe kuti adzadye pa nthawi ya njala. Magetsi nawonso afuna nkhokwe, pakuti dzuwa limene liwapatsa usana limalowa madzulo, ndipo mphepo siiomba masiku onse. Nkhokwe ya magetsi ndiyo batire, ndipo mmodzi wa amene anaikonza ndiye John Goodenough wa ku America.

Munthuyu anabadwa m'caka ca 1922. Ali mwana kuwerenga kunambvuta kwambiri, koma sanaleke sukulu. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse anali msilikali woona za nyengo, ndipo itatha nkhondoyo anaphunzira sayansi ku Chicago. M'caka ca 1976 anapita kukaphunzitsa ku Oxford, m'dziko la England.

Batire liri ndi mbali ziwiri. Polidzaza, tizidutswa tosaoneka ndi maso ta lithiyamu, citsulo copepuka koposa zonse, timasamukira ku mbali imodzi. Poligwiritsa nchito timabwerera kwao, ndipo pamenepo magetsi aturuka. Stanley Whittingham anali atapanga kale batire lotere, koma mphamvu yace inangopitirira pang'ono mavolti 2, ndiponso nthawi zina linali kuyaka moto.

Tsono Goodenough ndi anzace anafunafuna nyumba yabwino yoti lithiyamu azibwereramo. Anaipeza m'caka ca 1980. Kobalti wosanganizika ndi okisijeni amasanjikizana ngati mapepala a buku, ndipo lithiyamu alowa ndi kuturuka pakati pa mapepalawo osawaononga. Mphamvu inafika mavolti 4. Akira Yoshino wa ku Japan anakonza mbali inayo kuti isamayake, ndipo m'caka ca 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatirewa. Ndiwo ali m'mafoni a m'manja lero. Cozizwitsa ncakuti Goodenough sanalandireko gawo la ndalama za malondawo.

Kobaltiyo si mlendo kuno ku Zambia. Apezeka pamodzi ndi mkuwa m'miyala ya ku Nkana ndi ku Chambishi, ngakhale wambiri acokera ku Congo. Popeza ngwa mtengo wapatali, Goodenough atasamukira ku Texas m'caka ca 1986 anafuna njira ina, ndipo iye ndi ophunzira ace anapeza kuti citsulo wamba cosanganizika ndi fosifeti cikhoza kulowa m'malo mwace.

Analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2019 pamodzi ndi Whittingham ndi Yoshino, ali ndi zaka 97, akali kupitabe ku nchito. Anamwalira mu 2023 atakwanitsa zaka 100.