NKHUKU YOIKIRA IMAKONGOLA KU MAFUPA AKE

Alimi ambiri m'midzi amadabwa akapeza dzira lofewa lopanda cigoba m'cisa, kapena akaona thadzi limene linali kuikira bwino lakhala pansi, miyendo italefuka. Ena amati ndi matenda a mliri, ndipo ena amafika pokayikira anansi ao. Koma kawirikawiri gwero la bvutoli lili m'mafupa a nkhukuyo.

Fupa si cinthu cakufa ngati mwala ai. Ndi nkhokwe imene thupi limasungiramo mcere wochedwa kashiamu. M'kati mwace muli timaselo tosaoneka ndi maso ta mitundu iwiri: tina timamanga fupa, tina timalikumba. Katswiri wina, Albert Kölliker, ndiye anacha tokumbato dzina lakuti osteoclast m'caka ca 1873.

Timaseloti timamvera mahomoni, ndiwo amithenga amene amayenda m'magazi. Msoti ukatsala pafupifupi milungu iwiri kuti uyambe kuikira, homoni yacikazi yochedwa oestrogen imacititsa kuti m'kati mwa mafupa a miyendo mumere fupa lina lofewa losungiramo kashiamu. Cigoba ca dzira limodzi cimafuna pafupifupi magalamu 2 a mcerewu, ndipo cimaumbika kwa maola okwana ngati 20, makamaka usiku pamene nkhuku yagona yosadya. Kashiamu akacepa m'magazi, homoni ina yocokera m'khosi, yochedwa parathyroid, imadzutsa timaselo tokumba tija. Motero cigoba cimamangidwa ndi ngongole yotengedwa ku mafupa.

Kukaca, ngongoleyo iyenera kubwezedwa ndi cakudya. Tsono gaga ndi cimanga zili ndi kashiamu wocepa kwambiri. Nkhuku ikamadya zokhazo, timaselo tija timayamba kukumba ndi fupa lolimba lomwe. Mazira amafewa ndi kusweka, mafupa amathyoka msanga, ndipo thadzi limaleka kuikira. Mlimi amataya ndiwo za ana pamodzi ndi ndalama za sopo ndi mcere.

Dzuwa nalonso lili ndi nchito yace. Ceza cace cina cosaoneka, cochedwa ultraviolet, cikawomba pakhungu cimapangitsa thupi kupanga vitamini D. Popanda vitamini ameneyu matumbo satha kuyamwa bwino kashiamu, ngakhale cakudya cikhale naye wambiri. Nkhuku zotsekeredwa m'khola lamdima tsiku lonse ndizo zimabvutika koposa.

Mankhwala ace safuna ndalama. Zigoba za mazira ndi za nkhono ziwiritsidwe kapena kukazingidwa, kenaka ziphwanyidwe m'tizidutswa ting'onoting'ono kuti nkhuku zisaphunzire kujompha mazira ao. Ziperekedwe m'mbale yapadera dzuwa litapendeka, kaamba kakuti tizidutswato timakhalitsa m'nthutumba ndi kusungunuka pang'onopang'ono usiku, nthawi yomwe cigoba cikuumbika. Njereza yopakira nyumba isaperekedwe, pakuti imawotcha. Khola likhale ndi bwalo lowothera dzuwa.

Ngati nkhuku zambiri zafooka nthawi imodzi ndi kuyamba kufa, bvuto lingakhale matenda ena. Pamenepo mlimi athamangire kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lace.