Diresi Lopanda Msoko wa M'chiuno

Pa madiresi onse amene atelala amasoka, limene limaoneka losavuta koma limayalutsa msanga telala wosadziwa ntchito ndi lija lotchedwa shifiti, lomwe ndi diresi lopanda msoko wa m'chiuno, lotsika molunjika kuchokera m'mapewa mpaka kumpendero, ndipo kawirikawiri silikhala ndi manja kapena kolala. Linatchuka m'zaka za m'ma 1960 pakati pa achinyamata a ku London amene ankatchedwa a Mod, dzina lofupikitsidwa kuchokera ku mawu otanthauza okonda zamakono, ndipo Mary Quant, amene anatsegula sitolo yake ya Bazaar mumsewu wa King's Road mu 1955, ndi mmodzi mwa amene analifupikitsa mpaka pamwamba pa mawondo. Ku Paris, Yves Saint Laurent anatulutsa mu 1965 madiresi a mtundu womwewu okhala ndi mabokosi ofiira, achikasu, abuluu ndi oyera, ogawidwa ndi mizere yakuda motengera zojambula za Piet Mondrian.

Ku Malawi kufupika kwa diresi lotere kunali vuto, popeza lamulo la kavalidwe la 1973, m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi zovala zoonetsa mawondo, ndipo linagwira ntchito mpaka ndale zitasintha pambuyo pa referendamu ya 1993. Maganizo a nthawiyo sanathe ndi lamulolo, monga zinaonekera mu Januwale 2012 pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Komabe kufupika si kumene kumapanga shifiti, pakuti diresi lofika m'munsi mwa mawondo limakhalabe shifiti malinga likulendewera m'mapewa popanda kumanga chiuno.

Ntchito yonse ya telala ili pamenepo. Diresi lokhala ndi msoko wa m'chiuno limabisa zolakwa, chifukwa nsalu yotsala imatha kukwinyidwira pamsokopo, pamene shifiti lilibe pobisala, moti ngati msoko wa paphewa wapitirira fupa la phewa ngakhale ndi chala chimodzi, diresi lonse limaoneka ngati lobwereka. Chachiwiri ndi madati, timisoko tosongoka timene timatsina nsalu kuchokera m'nthiti kuloza pachifuwa kuti nsalu yafulati itsatire thupi; dati likalunjika pamwamba kapena pansi kwambiri, diresi silikhala bwino pachifuwa. Yves Saint Laurent anabisa kutsina kumeneku m'misoko ya pakati pa mabokosi aja, ndipo telala wa ku Nselema angachite chimodzimodzi ndi chitenje cha mizere ikuluikulu, podutsitsa msoko pamene mtundu umodzi ukukumana ndi unzake. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwanira munthu wa thupi lapakati, koma chichapidwe kaye chisanadulidwe, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ena amene amadandaula kuti telala anawabera nsalu amakhala atalumpha zimenezi.

Za m'kaunjika ziyenera kunenedwa mosabisa: diresi lenileni la m'ma 1960 silipezekapezeka m'belo, chifukwa makampani osankha zovala ku Ulaya ndi ku America amapatula zakale zamtengo asanamange mabelo obwera kuno, ndipo zambiri zofanana nalo zimene zimayalidwa pamsika wa Nselema, Ntaja, Liwonde kapena Balaka n'zosokedwa posachedwa motengera zakalezo. Zizindikiro za lakale zimaoneka munthu akalitembenuza. Zipi yake nthawi zambiri imakhala yachitsulo, m'mphepete mwa misoko mumakhala modulidwa ngati mano a sowo m'malo mokulungidwa ndi makina a ovaloko, mpendero umakhala waukulu, ndipo kansalu kofotokoza kachapidwe kamasowa, popeza ku America lamulo lokakamiza kuika kansalu kotere linayamba kugwira ntchito mu 1972. Nambala ya saizi isakhulupiriridwe, chifukwa manambala akale ankaimira thupi laling'ono kuposa a masiku ano. Tepi ndiyo imanena zoona, ndipo poyezera ndi m'mapewa ndi m'matako, pamene diresi lisagwire thupi koma lisiye mpata wa zala zingapo. Ngati nsalu yake ndi Crimplene, poliyesita wokhuthala amene sachita makwinya, wogula akumbukire kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Shire, pakuti nsalu imeneyi siilowetsa mphepo, ndipo imayenera Juni ndi Julaye.

Kavalidwe ka shifiti m'dera ngati Nselema, kumene Ayao achisilamu ndi ochuluka ndipo kuonetsa mawondo kapena mikono sikulandiridwa ndi ambiri, sikavuta monga ena amaganizira. Diresi lalifupi la m'kaunjika likhoza kuvalidwa ngati bulauzi lalitali pamwamba pa thalauzi lowongoka kapena siketi yosatambalala, ndipo lopanda manja limavalidwa pamwamba pa sikipa yothina ya manja aatali, monga momwe atsikana a ku London ankachitira m'nyengo yozizira. Chitenje chomangidwa pamwamba pake chimateteza ulemu pamaliro ndi kumunda, ngakhale chimapha mzere wolunjika umene uli kukongola kwa diresilo, ndipo lamba wa m'chiuno amaupha chimodzimodzi. Mpango kapena duku la mtundu umodzi, wotengedwa pa mitundu ya m'diresimo, limakwanira pamodzi ndi nsapato zafulati. Wosoketsa latsopano lofika m'munsi mwa mawondo auze telala kuti alitambalalitse pang'ono kuyambira m'matako, kapena aike mkwinyo wobisika kumbuyo, chifukwa diresi lowongoka mpaka pansi sililola mwini wake kukwera kabaza, kugwada popereka moni kwa akuluakulu, kapena kukhala pamphasa.