Mliri ndi Ana Athu

Pa 23 Marichi 2020 boma la Mozambiki linatseka sukulu zonse chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu za mkaka nazonso zinatsekedwa.

Ana aang'ono sanadwale kwambiri ngati akuluakulu. Koma anavutika m'njira ina. Mwana wa zaka zinayi amaphunzira mawu pocheza, poimba ndi posewera ndi anzake. Anzakewo sankawaonanso. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, koma wailesi siyankha funso la mwana. Ndipo m'midzi yathu yambiri munalibe magetsi.

Amayi ena ankaopa kupita kusikelo, ana n'kuphonya katemera wa chikuku.

Anzathu, ife tikuphunzira kuwerenga. Tiyeni titenge khadi la mwana, tiwerenge masiku a katemera. Tikapeza malo osalembedwa, tikafunse anamwino kuchipatala.