Mabasi Asintha, Nanga Ife Okwera?

Akuluakulu a ku Ludzi, Guilleme ndi Kachebere amakumbukira mabasi a UTM. Mu 1989 kampani ya Stagecoach inagula UTM, ndipo itachoka mu 1997 mabasiwo anatchedwa Shire Bus Lines, yomwe nayonso inadzatha. Lero pamsewu wa Lilongwe mpaka kumalire a Mchinji timadalira maminibasi a anthu wamba.

Kodi tapindula? Zoona, sitikhalitsanso pa siteji. Koma eni galimoto ambiri amalamula dalaivala kubweretsa ndalama zakutizakuti patsiku. N'chifukwa chake amathamanga ndi kutipanikiza ngati matumba a mtedza. Abale, tili ndi ufulu wofunsa mtengo tisanakwere, wokana kukhala anayi pampando wa atatu, ndiponso wokadandaula kwa apolisi apamsewu.