Normandie ndi France: Sitima zomwe dziko linkanyadira thumba likulira

Mukatsegula TikTok kapena Facebook masiku ano simuchedwa kukumana ndi vidiyo ya chisitima chapamadzi chooneka ngati mzinda woyandama: nyumba zosanjikizana, maiwe osambiramo padenga, anthu akutsetsereka m'mapaipi amadzi kwinaku akukuwa. Ambiri timangoti "zakunja izi", n'kupitiriza kusuntha chala pafoni. Komatu zambiri mwa zimphona zimenezi zimabadwira malo amodzi, mumzinda wa Saint-Nazaire, pomwe mtsinje wa Loire umathira m'nyanja ya Atlantic kuzambwe kwa dziko la France. Ndipo mbiri ya malowa ili ndi sitima ziwiri zomwe Afalansa sanaziiwale mpaka pano, Normandie ndi France.

Tiyambe ndi Normandie, chifukwa ndi yomwe akatswiri a sitima amaitchulabe ndi ulemu. Anaitsitsira m'madzi pa 29 October 1932, ndipo ulendo wake woyamba wochoka ku Le Havre kupita ku New York unayamba pa 29 May 1935. Kutalika kwake kunali mamita oposa 313, kutanthauza mabwalo atatu a mpira wamiyendo mutawalumikiza. Ilala yathu ya pa Nyanja ya Malawi, yomwe ndi yotalika mamita pafupifupi 52, mukanazindandalika zisanu ndi imodzi kuti zifikepo. Pa ulendo woyamba womwewo inawoloka Atlantic m'masiku anayi ndi maola ochepa, ikuthamanga pafupifupi makilomita 55 pa ola, n'kulanda ulemu wa Blue Riband womwe unkapita kwa sitima yaliwiro kuposa zonse panjirayo.

Makilomita 55 pa ola mwina mukuti n'chiyani, minibasi imaposa pamenepo. Eya, koma minibasi sikankha madzi. Chinthu chachikulu ngati phiri chikamayenda panyanja chimadzutsa funde kutsogolo kwake, ndipo liwiro likamakwera fundelo limakula n'kumadya mphamvu za injini. Apa ndi pomwe panabwera munthu wina yemwe poyamba palibe ankamuwerengera, Vladimir Yourkevitch. Iyeyu anali injiniya wa ku Russia yemwe ankajambula mapulani a sitima zankhondo kwawo, koma zinthu zitasintha m'dzikomo anathawira ku France komwe anayamba wagwirako ntchito wamba pafakitale ya galimoto ya Renault. Maganizo ake anali akuti mphuno ya sitima ikhale yosongoka pamwamba, yowonda pomwe ikukhudza madzi, koma pansi pa madzi ikhale ndi chotupa chozungulira ngati anyezi. Chotupacho chimasintha momwe madzi akuyendera kutsogolo moti funde limachepa mphamvu. Atayesa timasitima tating'ono m'thanki ya madzi, zinaoneka kuti pulani yake ikufuna mphamvu zochepa kuposa mapulani akale. Lero mukaona sitima yonyamula katundu itapepuka padoko, mudzaona chotupa chimenechi chikusuzumira pamadzi. Normandie siyoyamba kukhala nacho, koma ndi imodzi mwa zomwe zinasonyeza kuti nzeruyi ndi yoona.

Injini zake nazo zinali zachilendo panthawiyo. Mafuta ankawiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza majenereta, magetsi otuluka pamenepo n'kumayendetsa mamota anayi omwe ankazunguza mapulopela anayi. Tinene kuti inali siteshoni ya magetsi yoyenda panyanja, ya mphamvu za akavalo pafupifupi 160,000. Ubwino wake unali woti sitimayo inkatha kubwerera m'mbuyo ndi mphamvu zonse popanda magiya ovuta. Vuto silinasowe: kumbuyo kwake kunkanjenjemera kwambiri moti anachita kusintha mapulopela. Kodi mukuganiza ankagona kumbuyoko anali ndani? Osati mabwana ayi.

Machumuni ake anali atatu, koma lachitatu silinkatulutsa utsi. Analiika kuti sitimayo ioneke bwino basi, ndipo m'munsi mwake munali makola a agalu a anthu olemera. Chipinda chodyera cha kalasi yoyamba chinali chotalika mamita 93, kuposa holo yotchuka ya magalasi ya kunyumba yachifumu ku Versailles, ndipo chinkawala ndi nyali zagalasi zopangidwa ndi René Lalique. Chipindachi chinalibe zenera n'limodzi lomwe. Kuti zipinda zikuluzikulu ngati zimenezi zitheke, mainjiniya anagawa mapaipi a utsi kuti azidutsa m'mbali m'malo mokwera pakati, moti munthu ankatha kuona kutali m'kati mwa sitima popanda chotchinga.

Nanga ndiye vuto linali pati? Onani manambala. Pa malo a anthu 1,972 omwe inkanyamula, 848 anali a kalasi yoyamba, ndipo ogwira ntchito anali oposa 1,300. Malo abwino onse anapita kwa anthu a ndalama, m'zaka zomwe chuma cha dziko lonse chinali chitagwa. Anthu wamba ankaiopa, ankaiona ngati si yawo, ndipo ambiri ankakwera Queen Mary ya Angerezi yomwe inayamba ntchito mu 1936. Maulendo ambiri Normandie inkayenda mipando ili gwaa. Kampani yake, Compagnie Générale Transatlantique, inkadalira kale thandizo la boma kuti ipume. Ine ndimaona kuti omwe anaimanga sankamanga basi yapamadzi, ankamanga mbendera. Ndipo ngati mbendera, inagwira ntchito yake.

Mapeto ake ndi omvetsa chisoni. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939 inatsekeredwa ku New York. Mu December 1941 dziko la America linailanda, n'kuitcha Lafayette, kuti aisandutse yonyamula asilikali. Pa 9 February 1942, moto wothetheka kuchokera kwa amisiri odula zitsulo unagwira mulu wa majekete opulumutsira anthu pamadzi. Ozimitsa moto anathira madzi ochuluka zedi m'zipinda zam'mwamba, sitima inayamba kupendekeka, ndipo m'bandakucha inagona cham'mbali m'matope a padoko. Yourkevitch, yemwe panthawiyo ankakhala ku New York komweko, anathamangira kudoko ndi nzeru yoti atsegule mavavu apansi kuti sitimayo ikhale pansi ili chilili. Sanamulole kulowa. Sitima yomwe inagwira ntchito zaka zinayi zokha inagulitsidwa ngati zitsulo zakutha mu 1946.

Afalansa sanagonje. Pa 11 May 1960, Yvonne de Gaulle, mkazi wa Pulezidenti Charles de Gaulle, anatsitsira m'madzi sitima ina ku Saint-Nazaire komweko, dzina lake France. Iyi inali yotalika pafupifupi mamita 316, ndipo palibe sitima ya anthu yomwe inaiposa kutalika mpaka mu 2004. Mainjiniya anaphunzirapo pa zolakwika zakale. Makalasi anangokhala awiri, ndipo ambiri mwa malo anapita ku kalasi yotsika mtengo. Poopa moto, anachepetsa matabwa n'kugwiritsa ntchito aluminiyamu ndi zinthu zina zosayaka. Machumuni ake awiri anali ndi mapiko m'mbali, osati okongoletsa chabe, koma otayira utsi kutali kuti mwaye usamagwere anthu padenga. Mu December 1962 ndi yomwe inanyamula chithunzi chotchuka cha Mona Lisa kupita nacho ku America.

Koma taonani tsiku. France inayamba ntchito mu February 1962, pomwe ndege za jeti za Boeing 707 zinali zitayamba kale kuuluka pakati pa New York ndi Paris mu 1958. Ulendo wa masiku asanu ndege inkautha m'maola osakwana khumi. Inali sitima yabwino yofika mochedwa, ngati kutsegula shopu yamakono yobwereketsa ma DVD lero lino. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, boma linaona kuti silingapitirize kuithira ndalama, makamaka pomwe linali kuwononganso zambiri pa ndege ya Concorde. Mu September 1974 ogwira ntchito m'sitimayo anailanda, n'kuiimika pakhomo pa doko la Le Havre kwa pafupifupi mwezi, pofuna kuteteza ntchito zawo. Sizinathandize. Anaikokera pakona ina ya dokolo yomwe anthu anaipatsa dzina lotanthauza gombe la zoiwalika, ndipo inakhala pamenepo zaka pafupifupi zisanu.

Yemwe anaona zomwe eni ake sanaone anali Knut Kloster wa ku Norway. Anaigula mu 1979, anaitcha Norway, ndipo anachita chinthu chomwe kwa okonda liwiro chinali ngati chipongwe: anazimitsa theka la injini n'kuchotsa mapulopela awiri mwa anayi aja. Anawonjezera malo ootherapo dzuwa ndi osambira, n'kuitumiza ku Miami kuti izizungulira zilumba za Caribbean pang'onopang'ono. Munthu wapatchuthi sathamangira kufika, ndiye mafuta a liwiro n'ngachiyani? Ambiri ankati ndi yaikulu mopitirira pa ntchito yotere. Inadzadza, ndipo makampani ena anaona kuti kukula n'kumene kumabweretsa phindu. Inagwira ntchito zaka 23 ngati Norway, pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe inagwira ngati France, mpaka pa 25 May 2003 pomwe boila inaphulika ili padoko ku Miami n'kupha ogwira ntchito 8. Anakaiphwasula ku Alang m'dziko la India, patakhala mkangano wa m'makhoti chifukwa cha asibesitosi yemwe anali m'makoma ake, yemweyo anaikidwa kuti ateteze moto.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ambiri timaziphatikiza. Normandie ndi France zinali sitima za ulendo, zomangidwa kuti zidule mafunde a Atlantic nyengo ili yonse ndipo zifike pa nthawi: zazitali, zowonda, zazitsulo zokhuthala, zolowa kwambiri pansi pa madzi. Za pa TikTok zija ndi mahotela, zotambalala ngati bokosi kuti mulowe zipinda zambiri za khonde. Wonder of the Seas, yomwe Saint-Nazaire inamaliza mu 2022, ndi yotalika mamita 362, kungoposa France ndi mamita osakwana 50. Koma pa muyeso wa "gross tonnage" ili pa 236,000 ndi kanthu pomwe France inali pa 66,000. Musanamizike, muyeso umenewu sunena za kulemera kwa sitima, umanena za kukula kwa malo am'kati. Liwiro lake ndi makilomita 40 okha pa ola. Normandie ya mu 1935 ikanaisiya kutali.

Chodabwitsa n'chakuti sitima yomaliza yeniyeni ya ulendo wa Atlantic, Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, mdani wakale wa Afalansa uja, inamangidwanso ku Saint-Nazaire. Ndi yomwe inalanda France ulemu wa kutalika ndi mamita ake 345. Ntchitoyi inali ndi maliro ake: mu November 2003 mlatho wokwerera m'sitimayo unagwa ndipo anthu 16 anamwalira.

Lero kampani ya Chantiers de l'Atlantique, yomwe gawo lalikulu ndi la boma la France, imamangira makampani akunja monga Royal Caribbean ndi MSC. Abale athu a ku Durban mwina anaonapo MSC Musica kapena MSC Orchestra zikunyamuka kulowera kugombe la Mozambique. Zonsezo n'za ku Saint-Nazaire. Za France yeniyeniyo, chomwe chinabwerera kwawo ndi kansonga ka mphuno yake, komwe anakadula ku Alang ndipo tsopano kanaimikidwa pafupi ndi doko ku Le Havre.