Chimbale Chimodzi, Mamvekedwe Osiyana

Omvera athu, anthu awiri angathe kugula chimbale cha oimba omwewo, chokhala ndi chikuto chofanana ndi nyimbo zofanana, koma pofika nazo pagalamafoni n'kupeza kuti mbale zawo sizikumveka chimodzimodzi. Pa mbale ya wina ng'oma zimagunda mpaka m'chifuwa, pamene pa ya mnzake zimamveka ngati zikuimbidwa kuseri kwa chitseko. Lero tifotokoza chimene chimachititsa zimenezi. Chitsanzo chathu ndi chimbale cha Led Zeppelin II, chimene gulu la ku England lotchedwa Led Zeppelin linatulutsa m'mwezi wa October 1969 kudzera ku kampani ya Atlantic.

Tiyambe ndi kapangidwe ka mbale. Oimba akatha ntchito yawo, nyimbo zimakhala pa tepi. Tepiyo imaperekedwa kwa mmisiri amene ali ndi makina okhala ndi kampeni kakuthwa, kamene kamasema kanjira kozungulira pa mbale yofewa. Kanjirako kamakhotakhota motsatira mawu a nyimbo. Kuchokera ku mbale yofewayo amisiri ena amaumba zidindo zachitsulo, ndipo zidindozo ndizo zimadinda mbale zikwizikwi zimene zimagulitsidwa m'masitolo.

Tsono vuto lagona pa mawu akuluakulu a besi ndi ng'oma. Mawu otere amafuna kuti kanjira kakhote kwambiri, motero amadya malo, chikhalirecho mbali imodzi ya mbale imalandira bwino nyimbo za mphindi pafupifupi 20 zokha. Ndiponso kanjira kakakhota mopitirira, singano ya galamafoni yotsika mtengo imalephera kukatsatira, imangodumpha. Choncho mmisiri aliyense amayenera kusankha: kusiya mphamvu yonse ya nyimbo, kapena kuichepetsa kuti mbale iimbe pa galamafoni ya munthu aliyense.

Ku America, mmisiri woyamba kusema Led Zeppelin II anali Robert Ludwig, wa ku Sterling Sound mumzinda wa New York. Iyeyu anasankha mphamvu. Ng'oma za John Bonham ndi besi ya John Paul Jones anazisiya zikuluzikulu monga zinalili. Koma pa magalamafoni otsika mtengo singano inadumpha, ndipo posakhalitsa kampani inalamula kuti chimbalecho chisemedwenso mofatsa. Mbale zambiri zimene zinatsatira zinaimba popanda chovuta, koma zinataya gawo la ukali wake. Mbale za Ludwig zimadziwika ndi malembo awiri ang'onoang'ono, RL, olembedwa pa malo osalala a pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala la dzina. Lero okonda mbale amazifunafuna ndipo amalipira ndalama zambiri. Dziwani kuti zina zili ndi malembowo mbali imodzi yokha, kutanthauza kuti mbali inayo inasemedwa ndi munthu wina.

Pali zifukwa zinanso. M'masiku amenewo dziko lililonse lalikulu linkasema ndi kudinda mbale zakezake, ndipo kawirikawiri tepi yotumizidwa kunja inali yojambulidwa kuchokera ku tepi ina. Kujambula kulikonse kotero kumawonjezera kaphokoso ndi kuzimiririka kwa mawu. N'chifukwa chake mbale yodindidwa ku London siingafanane ndendende ndi ya ku New York. Chidindo nachonso chimatha ndi ntchito, kotero mbale zodindidwa chidakali chatsopano zimamveka mwangwiro kuposa za kumapeto. Komanso mafuta atakwera mtengo m'chaka cha 1973, mafakitale ena anayamba kusungunula mbale zakale n'kupangira zatsopano, ndipo zina mwa izo zinkathetheka poimba.

M'chaka cha 2014 chimbalechi chinatulutsidwanso moyang'aniridwa ndi Jimmy Page, woimba gitala wa gululi, amenenso anatsogolera kujambula kwake poyamba. Mawu a matepi akale anayamba asamutsidwira mu kompyuta, kenaka n'kusemedwa pa mbale zatsopano zolemera magalamu 180. Mbale zimenezi n'zosavuta kupeza ndipo zilibe zilonda za ukalamba. Komabe kulemera kwa mbale pakokha sikukometsa mawu. Chachikulu ndi tepi imene inagwiritsidwa ntchito ndi khutu la mmisiri wosema.

Nanga wofuna kuyerekeza mbale ziwiri achite chiyani? Choyamba, azitsuke zonse bwinobwino ndi kuziimba pa galamafoni imodzi, ndi singano imodzi. Chachiwiri, afananitse kukwera kwa mawu, pakuti khutu la munthu limanyengeka msanga: chimene chikumveka mokweza pang'ono limachiyesa chokoma koposa. Chachitatu, amvetsere nyimbo yomweyo pa mbale zonse ziwiri, makamaka ya kumapeto kwa mbali, pafupi ndi pakati, pamene singano imavutika kwambiri. Pomaliza, ayang'ane mbaleyo pa kuwala asanatulutse ndalama. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mbale ya RL imene yakhala ikukandidwa ndi singano yobuntha kwa zaka zoposa 50 ingathe kugonja kwa mbale wamba yosungidwa mwaukhondo.

Motero, omvera, malembo a pa mbale amatiuza amene anaisema, koma satiuza mmene eni ake akale anaisamalira. Musanalipire mtengo wokwera, pemphani wogulitsa kuti ayambe wakuimbirani mbali zonse ziwiri.